Mabotolo a m'galaja ya alamu: masiku anga ku Toronto

Lachiwiri, 10 Juni 2025

Ndafika. Msana ukuwawa ngati ndasenza matumba a chimanga, chifukwa kuchoka ku Lilongwe, kudzera ku Addis Ababa, mpaka kutera pa bwalo la Pearson si ulendo wa munthu wa msinkhu wanga. Chandibweretsa ndi mwana wa achemwali amene akuvala mkanjo wa yunivesite Lachisanu likubwerali. Koma inu amene mumandidziwa ku Liwonde mukudziwa kale kuti munthu amene wakhala zaka 19 kuseri kwa kauntala ya botolo sitolo sangapite kwa eni n'kumangoyang'ana nyumba zitalizitali. Maso anga amathamangira ku mabotolo.

M'chikwama munali Malawi Gin imodzi, yokulungidwa m'zitenje ziwiri. Achemwali anali atandiuziratu pafoni kuti mlendo amaloledwa kulowa ndi malita 1.14 a mowa waukali osalipira msonkho, ndiye botolo langa la 750 ml linadutsa popanda mlandu.

Titafika kunyumba ku Scarborough, alamu anaimika galimoto panja. Ndinadabwa, popeza galaja ilipo. Atakweza chitseko ndinaona chifukwa chake: makatoni a mabotolo a mowa ataunjikidwa mpaka m'chiuno, matumba awiri a zitini, ndi mabotolo a vinyo ali ndandanda m'mbali mwa khoma.

"Alamu, mwatsegula bala kuno osatiuza?"

"Ayi alamu," anatero akuseka, "imeneyo ndi banki. Phwando likadutsa tipita limodzi mukaone potapira."

Nthawi ili 9 koloko usiku koma kunja kukuwalabe. Ine ndikugona.

Lachitatu, 11 Juni

Lero tinapita kukagula zakumwa za phwando la Loweruka, ine, alamu ndi mwini mkanjo. Sitolo yake ndi ya zilembo zinayi, LCBO, kutanthauza Liquor Control Board of Ontario. Alamu anandifotokozera m'galimoto kuti sitoloyi ndi ya boma la chigawo cha Ontario, ndipo masitolo otere alipo oposa 600. Ndinati, "Ndiye kuti ndi ADMARC ya mowa?" Anaseka mpaka kutsokomola, koma sanatsutse. M'maganizo mwanga ndinali nditajambula kale shedi ya malata, sikelo pakhomo, mzere wautali ndi kalaliki wa tulo m'maso.

Ndinalowa m'malo owala ngati banki. Pansi poyera, mashelefu olembedwa mayina a mayiko: Italy, France, Chile, South Africa. Amarula ndinaipeza itakhala phee, ndipo ndinaipatsa moni ngati mnansi amene mwakumana naye pa depoti ya kutali. Antchito avala yunifolomu, ukawafunsa za vinyo amakuyankha ngati aphunzitsi. Pakhomo pali magazini yawo yaulere yotchedwa Food & Drink, yapepala lonyezimira. Ndatenga imodzi kuti akaone kunyumba kuti boma lina limasindikiza buku lophunzitsa anthu mowa woyenera kumwera nsomba.

Alamu amakonda Jack Daniel's, koma kulibe. Pa 4 Malichi 2025 boma la Ontario linalamula kuti mowa wonse wochokera ku America uchotsedwe m'mashelefu, pobwezera misonkho imene Donald Trump anaika pa katundu wa Canada. Apa mpamene ndinamvetsa tanthauzo la boma kukhala mwini sitolo. Kwathu nduna itati inene kuti musagulitse chakuti, ife a mabotolo sitolo tingangochisamutsira pansi pa kauntala. Kuno munthu mmodzi analankhula, ndipo m'masitolo onse a chigawo chachikulu kuposa Malawi kangapo mabotolo anatsika tsiku limodzi. Alamu anatenga Crown Royal, ya konkuno, akung'ung'udza pang'ono.

Pakauntala mtsikana wa pa makina anapempha chiphaso kwa mwana wa achemwali. Iye ali ndi zaka 22, lamulo limati 19, koma aliyense wooneka wosafika 25 amamufunsa. Sanakwiye, anangotulutsa laisensi. Ine ndinachita manyazi chamumtima pokumbukira tiana timene timabwera pawindo panga titanyamula ndalama m'manja, "ati adadi muwapatse Green ziwiri." Ndimabweza ambiri, koma sindinganame kuti ndimabweza onse.

Chimene ndinkachifuna ndinachipeza pa lisiti. Pansi pa botolo lililonse pali mzere wa dipoziti: masenti 10 pa botolo losapitirira 630 ml, masenti 20 pa lalikulu kuposa pamenepo. Zitini nazonso masenti 10, kupatula zikuluzikulu zopitirira lita. Ndalamayi ili kale m'kati mwa mtengo wolembedwa pa shelefu, msonkho ulinso momwemo, choncho zimene waona ndi zimene ulipire. M'masitolo ena ambiri kuno mtengo umakwera ukafika pakauntala chifukwa amaonjezera msonkho wa 13 peresenti, zomwe zandipusitsa kale kawiri lero lomwe.

Ndinafunsa mtsikanayo, m'Chingelezi changa cha ku Liwonde, kuti mabotolo akatha tibweretse khomo liti. Anamwetulira nati iwo salandira, amalandira ndi a Beer Store, masitolo ena ogulitsa mowa. Wogulitsa wina, wolandira ma empty wina. Mutu wanga wa bizinesi sunamvetse. Alamu anati ndidikire Lolemba.

Anatiikira mabotolo m'matumba a pepala a khaki. Mwana wa achemwali akuti matumba amenewa anawasiya mu 2023 ati kuteteza mitengo, anthu anadandaula, ndipo Doug Ford, mtsogoleri wa chigawochi, analamula kuti abwerere. Mtsogoleri wa anthu mamiliyoni kulowerera nkhani ya jumbo! Andale ndi amodzi kulikonse.

Lachinayi, 12 Juni

Tulo tinandithawa 4 koloko m'bandakucha, thupi likuganiza kuti lili ku Malawi kumene dzuwa linali litakwera kale. Ndinakhala pawindo la chipinda cham'mwamba ndi kapu ya tiyi.

Lero ndi tsiku lotenga zinyalala mu msewu uno. Nyumba iliyonse yatulutsa mabini, labuluu la mapepala, mapulasitiki ndi zitini, lobiriwira la zotsala za kukhitchini. Poyamba kunadutsa kanyama konenepa kamizere kumchira, akuti raccoon, kakuyesa chivundikiro chilichonse ndi timanja tokhala ngati ta mwana. Cha m'ma 5 koloko ndinamva phokoso limene ndingalizindikire ngakhale ndili m'tulo: mabotolo kugundana, ngwe ngwe ngwe.

Anali mayi wachikulire, wamfupi, wa nkhope ya ku Asia, atavala chipewa chachikulu ndi magolovesi. Ankakankha kangolo ka mawilo awiri, matumba atamangirira mbali zonse. Pa bini iliyonse ankatsegula mwakachetechete, kupisa dzanja, kutulutsa zitini za mowa zokha. Za Coca-Cola ankazibwezera. Akamaliza ankatseka bwinobwino, chogwa pansi n'kutola. Pa nyumba yoyang'anana nafe anapeza thumba loikidwa padera pambali pa bini, lomangidwa kale. Analinyamula, n'kuweramitsa mutu pang'ono kuloza ku chitseko chotseka, ngakhale kunalibe munthu womuona kupatula ine.

Ndinauza achemwali pa kadzutsa. Anati, "Achimwene, amenewo timawadziwa. Amadutsa tsiku lililonse la bini yabuluu, ngakhale m'chisanu. Enafe timawaikira padera." Ndinafunsa chifukwa chake alamu sawapatsa za m'galaja. Achemwali anayang'ana kudenga. "Afunseni eni banki."

Masana ndinangogona.

Lachisanu, 13 Juni

Mwana wavala mkanjo. Achemwali analira, ine ndinaimba nthungululu ya chimuna imene inatembenuza azungu mizere itatu. 

Titadya, mwini tsiku anati, "Amalume, popeza inu nkhani yanu ndi mabotolo, tiyeni ndikakuonetseni tchalitchi chawo." Tinakwera sitima yapansi mpaka pa Summerhill. Potuluka, mu msewu wa Yonge, pali nyumba yamiyala yokhala ndi nsanja yaitali ya wotchi. Inamangidwa mu 1916 ngati siteshoni ya sitima ya Canadian Pacific, ndipo nsanjayo anatengera ya ku Venice. Lero ndi LCBO. M'holo momwe anthu ankadikirira sitima, denga lili kutali ngati la katolika ku Zomba, ndipo pansi pake pali vinyo. Sitima za katundu zimadutsabe pa njanji ya pamwamba, umamva kunjenjemera pang'ono. Ndinaona botolo lina lotsekeredwa m'galasi, mtengo wake nditausintha m'makwacha ndinapeza kuti ndingagule stoko yanga yonse ndi firiji yomwe. Ndinabwerera m'mbuyo, manja kumsana, kuopa tsoka.

Mwanayu anaphunzira za mbiri pang'ono, ndiye anandikhazika pa benchi panja n'kundifotokozera. Chaka chomwecho cha 1916 Ontario inaletsa kugulitsa mowa. Anthu sanasiye kumwa. Ena ankapita kwa dokotala kukalembetsa kachasu wa azungu ngati mankhwala, ena ankagula kwa ozembetsa. Mu 1927 boma la Howard Ferguson linaona kuti chiletso chalephera, linati basi, tizigulitsa tokha, koma tizikuyang'anirani. Mawu akuti Control m'dzina lija ndi amenewo. Munthu ankayenera kukhala ndi kabuku kachilolezo kokhala ngati pasipoti. Ukalowa sunkaona botolo ngakhale limodzi. Unkalemba pa fomu chimene ukufuna, kusaina, kupereka kwa kalaliki, iye n'kulemba m'kabuku kako, n'kupita kuseri kukatenga, n'kukupatsa litakulungidwa. Akaona kuti ukugula mopitirira malipiro ako ankatha kukukaniza. Kunalinso mndandanda wa anthu oletsedwa kugula, ndipo mkazi ankatha kukadandaula kuti mwamuna wake alembedwepo. Eni nthaka a kuno, amene amawatchula kuti First Nations, kwa zaka zambiri sankaloledwa n'komwe. Zoti munthu azidzitengera yekha pa shelefu zinayamba mu 1969.

Nkhani ya eni nthakayo inandikumbutsa agogo anga aamuna, amene ankati nthawi ya atsamunda mowa wa m'botolo unali wa azungu, munthu wakuda wake unali masese ndi kachasu wobisa. Ndinamuuza mwanayo. Anangoti, "Mfumu yake inali imodzi, amalume."

Koma za mndandanda zija zandikhala m'mutu. Ine ndili nawo wanga, wosalemba. Pali abambo atatu ku Liwonde amene akazi awo anabwera kudzandigwadira kuti pa 28 ndisamawapatse pangongole. Awiri ndimawakaniza. Wachitatu ndi mkulu wa mpingo wa mayi a kunyumba, ndiye mukumvetsa.

Loweruka, 14 Juni

Phwando. Nsima inaphikidwa m'mapoto awiri, nkhuku ndi nyama zinawotchedwa kuseri kwa nyumba, ndipo Malawi Gin yanga sinaone 4 koloko. Kunabwera Amalawi a ku Mississauga ndi ku Brampton, banja lina la ku Chipata, ndi mnzawo wa alamu wa kuntchito, mzungu wobadwira konkuno.

Ndinalakwa kufunsa funso limodzi lokha: "Kodi n'chabwino kuti boma lizigulitsa mowa?" Nyama inatsala pang'ono kupserera.

Bambo wa ku Chipata, amene amayendetsa thiraki, anati boma lilibe ntchito yogulitsa mowa. "Ife ndife akuluakulu. Ukawoloka mtsinje pa Ottawa kulowa Quebec, mowa ndi vinyo umagula pa kagolosale ka pakona kuyambira kalekale, ndipo dziko silinagwe." Iye anayamikira Ford kuti kuyambira pa 5 Sepitembala 2024 timasitolo ta pakona ndi ta pa malo omwetsera mafuta tinaloledwa kugulitsa mowa, vinyo ndi zakumwa zosakaniza kale za m'zitini, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 11 usiku. Masupamaketi ena anayamba kale mu 2015.

Achemwali, amene ndi namwino, anaika mbale pansi. "Achimwene a ku Chipata, phindu la LCBO limapita kuti? Mu 2023 mokha madola pafupifupi mabiliyoni awiri ndi theka analowa m'thumba la chigawo. Chipatala chimene ndimagwirako chimadya momwemo. Ndipo anthu amene mowa wawavulaza amafikira m'manja mwanga, osati mwa Ford." Anakumbutsanso za sitiraka ya chaka chatha. Pa 5 Julayi 2024 antchito a LCBO oposa 9,000 ananyanyala ntchito, koyamba chiyambire 1927, ndipo masitolo anatsekedwa kwa masabata awiri ndi masiku pang'ono, pakati pa nyengo yotentha. Nkhani yaikulu inali yomweyi, kuopa kuti malonda akamwazikana ntchito zawo zitha. Alamu anavomera kuti masiku amenewo anayenda mtunda wautali kufunafuna botolo. Achemwali anati, "Ndipo simunafe."

Mzungu uja anali chete mpaka anaponya yake: Beer Store si ya boma ayi, ngakhale anthu ambiri obadwira konkuno amaganiza choncho. Inayamba mu 1927 momwemo ngati nkhokwe ya makampani ofulula mowa, ndipo eni ake akuluakulu ndi Molson, Labatt ndi Sleeman. Labatt ili m'manja mwa AB InBev ya ku Belgium, Sleeman ndi ya Sapporo ya ku Japan. Kwa zaka zambirimbiri katoni ya mabotolo 24, imene kuno amaitchula kuti two-four, unkaipeza kwa iwo basi. Pofuna kuthetsa msanga mgwirizano umenewo, boma la Ford linavomera kuwapatsa ndalama zofika madola 225 miliyoni. Bambo wa ku Chipata anayamba kutembenuza nyama mwakhama.

Anandifunsa maganizo anga monga mwini botolo sitolo. Ndinanena zoona. Boma la kwathu litati lero gin ndi brandy azigulitsa okha, ine ndingakhale woyamba kunyamula chikwangwani, ndipo ndikudziwa kuti pofika Khirisimasi mashelefu angakhale opanda kanthu, katundu akutulukira khomo la kuseri. Koma ndinaonanso zimene masacheti anachita kwa anyamata a kabaza asanaletsedwe, mowa waukali wa mtengo wa switi, pa windo lililonse. Mowa waukali ukakhala pafupi kwambiri ndi dzanja umadya ana. Kuno aulekerera wa m'zitini kupita pakona, koma whisky, gin ndi vodka boma lagwirabe, ndipo ngakhale a pakonawo amapikula ku LCBO komweko. Amene anaganiza zimenezo si wopusa.

Tinabalalika cha m'ma 11. Ine ndinatsala ndikutola mabotolo pa kapinga, chizolowezi. Achemwali anati mlendo sagwira ntchito. Ndinati botolo logona panja limandisowetsa tulo.

Lamulungu, 15 Juni

Niagara. Madzi ndi ambiri, anthu ndi ambiri, chimanga chowotcha kulibe. Ndinanyowa ngakhale anandiveka pulasitiki. Tsidya linalo ndi America, pafupi moti ukhoza kuwerenga mawindo. Pobwerera tinadutsa m'minda ya mphesa ya ku Niagara-on-the-Lake, kumene anandilawitsa icewine, vinyo wa mphesa zothyoledwa zitaundana ndi chisanu. Ndi wotsekemera ngati Sobo wosasungunula. Kamodzi n'kokwanira.

Lolemba, 16 Juni

Tsiku la banki.

Tinayamba ndi kusankha m'galaja, ndipo apa alamu anaona kuti abweretsa katswiri. Mabotolo a mowa abulauni m'makatoni awo, 24 iliyonse. Avinyo ndi a mowa waukali padera, oyera kwaokha, amtundu kwaokha. Zitini m'matumba oonekera, titawerenga. Ndinatsanula totsalira tonse m'ngalande, chifukwa palibe chimene chimanunkha ngati mowa wogona sabata m'botolo, ndipo m'modzi ndinapezamo ndudu. Anthu omwa ndi amodzi dziko lonse.

Beer Store imene alamu anazolowera inatsekedwa miyezi yapitayi. Chiyambire mowa kupezeka pakona paliponse, kampaniyi yakhala ikutseka masitolo ake motsatizana. Mgwirizano wawo ndi boma unati asatsike pansi pa masitolo 300 mpaka kutha kwa 2025, za kutsogolo zili m'manja mwawo. Tinapita ina, ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu pa galimoto.

Chikwangwani chake ndi cha lalanje. Ndisanalowe n'komwe mphuno inandiuza kuti ndafika kwathu: fungo lowawasa lija la kuseri kwa botolo sitolo Lolemba m'mawa, pansi pomata nsapato pang'ono. Kukongola kwa LCBO kulibe kuno, ndipo ndinapuma bwino. Mbali imodzi ndi yogulira, ina yobwezera. Ya kuno ndi yachikale: pakhoma pali mndandanda wa mitundu ya mowa ndi mitengo, umanena chimene ukufuna pakauntala, wa pakauntala amauza a kuseri, ndipo posakhalitsa katoni imatulukira pa kabowo ikuyenda yokha pa timipukutu tachitsulo, gudugudugudu, mpaka kudzaima pamaso pako. Ndinaonerera katatu ngati mwana. Alamu akuti masitolo ena anawasintha, umalowa wekha m'chipinda chozizira n'kudzinyamulira.

Mbali yobwezera nayo ili ndi timipukutu take, koma tolowera m'kati. Umaika katoni, mnyamata wa magolovesi amatsegula, kuponya diso, kukankha. Sawerenga limodzilimodzi. Diso lake limaona mpata ngati mmene ine ndimaonera kireti ya Green imene mwasowa botolo limodzi mwa 20 ndili chapatali. Anandifunsa kuti zitini zilimo zingati. Ndinati 72. Ananyamula thumba, kuliyang'ana, n'kuyamba kutulutsa zofiira: Coca-Cola, Canada Dry, Fanta. Khumi ndi ziwiri. Usiku wa phwando ndinali nditaphatikiza zonse, poganiza kuti chitini ndi chitini. Anandiuza mwaulemu kuti ku Ontario dipoziti ili pa zotengera mowa zokha, za zoziziritsa kukhosi ndi madzi zimapita mu bini yabuluu. Mpamene ndinamvetsa chifukwa chake mayi uja ankabwezera za Coca-Cola. Katswiri wa ku Liwonde anagwa mayeso amene gogo wa kangolo amakhoza mu mdima. Alamu sanandileke mpaka kunyumba.

Botolo la Malawi Gin ndinali nditalichotsa kale ndekha. Dipoziti yake sinalipidwe kuno, ndiye kulipereka kukanakhala kutapa pamene sindinasungitse. Achemwali aikamo duwa pawindo la kukhitchini.

Masamu anayenda chonchi: makatoni anayi, mabotolo 96, madola 9.60. Zitini 60, madola 6. Mabotolo akuluakulu 11 pa masenti 20, madola 2.20. Zonse 17.80. Anatifunsa ngati tikufuna ndalama kapena tichotsere pa mowa watsopano. Alamu anayang'ana ku timipukutu, ine ndinati ndalama. Galaja yonse ija, miyezi itatu galimoto ikugona panja, madola 17.80! Ndinaseka mpaka misozi. Alamu anati nkhani si ndalama, ndi mfundo.

Komabe ndinaima pambali n'kumaganiza za ntchito imene kandalama kameneka kamagwira. Botolo labulauni la 341 ml ndi limodzi kwa makampani ambiri, amangosintha chikalata. Likabwerera amalitsuka n'kuthiramonso, mwina maulendo 15 lisanaphwanyidwe. Ukaliyang'anitsitsa umaona mkanda woyera m'chiuno pamene lakhala likukhulana ndi anzake, chimodzimodzi a Green ndi Kuche Kuche kwathu. A vinyo ndi a mowa waukali anawalowetsa m'dongosololi pa 5 Febuluwale 2007. Amenewo sathiramonso, amawaphwanya n'kupangira zina. Kwathu dongosolo lotere tinakulira momwemo osalitcha dzina: chiyambire fakitale ya Carlsberg ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, palibe mwini bala amene sadziwa kuti lole ikabwera, kireti yopanda ma empty siikwera. N'chifukwa chake botolo la Green sulipeza m'ngalande ku Liwonde, koma timabotolo tapulasitiki ta mowa waukali tadzaza mpaka mu Shire. Kuno n'chimodzimodzi: m'mbali mwa msewu ndaona mabotolo a madzi ndi makapu a khofi, chitini cha mowa sindinachione chitagona.

Tikutuluka, ndinamva ngwe ngwe ngwe kumbuyo. Chipewa chachikulu chija, kangolo kaja, matumba atatu atatupa. Ndinagwira chitseko kuti alowe. Sanandidziwe, angandidziwe bwanji munthu wa pawindo. Anaima pa mzere, natulutsa kapepala m'thumba kolembapo manambala. Zake zinali zosankhidwa kale, zitini zophwatalala kuti zichuluke m'thumba. Mnyamata uja sanatsegule n'komwe, anangowerenga kapepalako.

M'galimoto ndinafunsa alamu kuti kuchokera mu msewu wathu kufika pano wapansi ndi nthawi yaitali bwanji. Anaganiza. "Ndi kangolo? Ola limodzi, mwina kuposa. Ija inatsekedwa inali pafupi." Mowa wasendera pafupi ndi aliyense, pakona, pa malo a mafuta, mu supamaketi. Pobwezera botolo ndiye patalikira, ndipo wa pakona amene wakugulitsa chitini sakakamizidwa kuchilandira. Kwa alamu ndi mphindi khumi ndi zisanu ndi wailesi. Sitinalankhule kwambiri mpaka kunyumba.

Lachiwiri, 17 Juni

Kugula mphatso. Nsapato za mayi a kunyumba ndayesa ndi chingwe chimene anandipatsa. M'kagolosale ka pakona pafupi ndi siteshoni ya Kennedy ndinaona firiji yatsopano ya mowa pakati pa mkaka ndi buledi. Mwini wake, bambo wa ku Sri Lanka, anati anachita kaye kosi yotchedwa Smart Serve asanaloledwe kugulitsa. Ndinamuuza kuti ndine mnzake wa ntchito. Anandifunsa ngati kwathu anthu amamwa pangongole. Ndinati funsani ngati amalipira.

Lachitatu, 18 Juni

Ndinyamuka mawa. Madola 17.80 aja alamu anandipatsa kuti ndi malipiro a katswiri. Ndasungako kandalama kamodzi ka masenti 10, kamene amakatcha dime, kakang'ono kuposa tonse, kali ndi chithunzi cha ngalawa ya matanga. Pa mtengo wa kubanki kakuposa K100. Ndikakamata pa kauntala.

Madzulo ano tinamwa ziwiriziwiri pakhonde ndi alamu, zotsala za phwando. Titamaliza, iwo anatola zitini zinayizo n'kulunjika ku galaja. Pakhomo anaima. Anabwerera, natenga thumba loyera kukhitchini, naikamo, nalipachika pa msomali pafupi ndi bini yabuluu. Achemwali anali pa sinki, anaona, sananene kanthu. Bini yabuluu ituluka Lachinayi la sabata ya mawa, ine ndidzakhala ndili ku Liwonde.

Ndikulemba izi foni yalira, mnyamata amene ndamusiyira sitolo. Kumeneko ndi 4 koloko m'bandakucha, ndiye mtima unagunda.

"Bwana, lole ikubwera m'mawa uno, koma ma empty akuperewera."

"Angati?"

"Seveni. Aja a ukwati wa kwa a Sheikh anabweza, koma abambo aja a mpingo anatenga Lamulungu ati abweza."

"Pita ukagogode kukangocha. Usakafunse iwowo, ukafunse amayi."